Khobidi la M'mimba mwa Apongozi

Kagalasi ndinamudziwa chifukwa cha jekete. Ine ndimagwira ntchito kochapira zovala ndi makina, ndipo lamulo la kumeneko ndi lakuti chovala chisanalowe m'makina, uyambe wapisa m'matumba monse. Anzanga ntchito imeneyi amaida, chifukwa m'matumba mwa anthu mumatuluka mipango yamamina, zotokosera m'mano ndi maswiti omata. Ine ndinkaikonda. Pakamwa pa munthu pamanama, thumba ayi.

M'thumba lam'kati la jekete lina lotuwa ndinapeza kaenvulopu, ndipo m'katimo munali khobidi lofiirira lokhala ndi nkhope ya mfumukazi yachitsikana, tsitsi lomangira kumbuyo. Masana onsewo ndinakhalira kumupeka mwiniwake. Ndinati ndi kazitape. Kenako ndinati ayi, ndi mwamuna amene bwenzi lake linawoloka nyanja n'kumusiyira khobidili kuti asaliiwale. Atafika, thukuta lili kamukamu, anali mwamuna wowonda wa malaya omanga mabatani mpaka pakhosi. Anatenga kagalasi kokuzira zinthu kamene kankalendewera pachifuwa pake, komwe kanamupatsa dzina lakelo, n'kuliunika khobidilo mbali zonse ziwiri. Atatha anadzutsa mutu, kagalasi kadakali padiso, n'kundiyang'ana ine. Chibadwire panalibe mwamuna amene anandiyang'anapo mosamala choncho. Ndinagwa m'chikondi pomwepo, pakati pa fungo la sopo ndi nthunzi ya simbi.

Chaka chisanathe tinali titatomerana. Pamene zinachitika zimene ndikufotokozazi, diresi langa la ukwati linali kwa telala, atangotsala kupinda m'munsi.

Bambo ake a Kagalasi anthu ankawatcha a Makobidi. Anali oferedwa mkazi, odwala mtima, ndipo moyo wawo wonse unali m'kachipinda kakumapeto kwa nyumba. Mmenemo munali kabati ya madilowa osaya, oyalidwa nsalu yofewa yobiriwira, khobidi lililonse lili pakabowo kake. Kumanzere kunali a ku Britain: mafumu a mawigi, mafumu a ndevu, mfumukazi ija ili mtsikana, ili mayi, ili nkhalamba ya mpango kumutu. Kumanja kunali a Aroma, ang'onoang'ono, okhotakhota m'mbali ngati anawaluma makoswe. Kukhudza limodzi umayamba wavala magolovesi oyera a thonje. Kulankhula umatembenukira kumbali, malovu angagwerepo.

Koma khobidi lalikulu la m'nyumbamo silinali m'dilowa lililonse. Linali lasiliva, laling'ono ngati batani la malaya, lokhala ndi nkhope ya mfumu ina ya Aroma imene asilikali ake omwe anaipha isanazolowere n'komwe mpando. Ankati makobidi a mfumu imeneyi ndi osowa kuposa mano a nkhuku. A Makobidi ankalibisa, ndipo ngakhale ana awo sankadziwa pamene linkagona. Ine zimenezi zinkandisowetsa tulo. Ndikapita kukacheza ndinkaba maso n'kuyang'ana kuseri kwa wotchi, pansi pa mphika wa maluwa, pathabwa lina la pansi limene linkalira ukalipondapo. Ndinkadziona ndikulowa m'banja la chinsinsi.

Tsiku lina masana Kagalasi anandiimbira foni kuntchito.

"Bwera kuchipatala. Bambo ameza mfumu."

Ndinathamanga ndisanavule n'komwe epuloni. Ndinawapeza a Makobidi atagona pabedi, atatseka maso, osati ndi ululu koma ndi manyazi. Adokotala anatisonyeza chithunzi cha m'mimba. Pakati pa mdima ndi mithunzi ya mafupa panali kamwezi koyera, kozungulira.

"Litsika lokha," anatero adokotala. "Opaleshoni mtima wawo sungaipirire. Apite kunyumba, azidya zofewa, azimwa madzi ambiri. Mankhwala otsegula m'mimba asayerekeze. Mwamva?"

Kagalasi anatenga chithunzicho, anapita nacho pawindo, n'kuika kagalasi padiso.

"Adokotala, pepani. Kodi asidi wa m'mimba amadya siliva?"

Adokotala anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Ine ndinamuikira kumbuyo mumtima. Ndinati ndi mantha, munthu akasokonezeka amafunsa zopusa.

Titafika kunyumba tinapeza alamu anga, achemwali ake a Kagalasi, atafika kale ndi sutikesi. Amenewa ankagulitsa inshulansi mumzinda wina, ndipo kwa bambo awo ankabwera mwa apo ndi apo, nthawi zambiri galimoto ili yosazimitsa panja. Makobidi ankawatcha zitsulo za anthu akufa, mpaka tsiku limene munthu wina wa okushoni, kumene ogula amapikisana mitengo, anawanong'oneza kuti kamfumu kasiliva kaja kangagule nyumba.

"Ababa anga inu," anatero akuwasisita pamimba. "Kukupweteka apa? Kapena latsikira apa?"

Anandipatsa moni wapamapewa, n'kulunjika kukhitchini. Potuluka anali ndi sefa. Inali sefa ya malemu amayi awo, imene ndinali nditasefera ufa wa keke ya tsiku la chitomero chathu.

"Asisi, sefa imeneyo ndi ya waya," anatero Kagalasi. "Ikanda nkhope."

"Nkhope ya ndani?"

"Ya mfumu. Tigule ya pulasitiki."

"Kuti iwe ukapite kukagula, ine nditsale pano ndekha, kenako udzati ndaba? Kapena ine ndipite, iwe utsale? Ndimakudziwa iwe, unayamba kubisa nyama m'masaya uli wamng'ono. Atume mlamuwa."

Ndinapita ine. Ndinagula sefa ya pulasitiki, yofiira, ndipo mayi wa m'sitolo anandifunsa ngati ndi ya ku nyumba yatsopano. Ndinati eya.

Masiku amene anatsatira sindifuna kuwafotokoza bwinobwino. A Makobidi analetsedwa kulowa m'chimbudzi. Anawaikira chidebe pambali pa bedi, ndipo akangosuntha mwendo, ana awo awiri ankatulukira pakhomo ngati agalu amva kulira kwa mbale. Ankanyamula chidebecho onse awiri, wina uku wina uku, n'kukadzitsekera m'bafa. Ndinkamva madzi akuthira, supuni ikugunda m'sefa, alamu akuchita nseru koma osatuluka. Fungo linalowa m'makatani, m'mapilo, m'buledi. Alamu ankapopera mafuta onunkhira maluwa, ndipo zinkangokhala ngati munthu wachita chimbudzi m'sitolo ya maluwa.

Potuluka m'bafamo palibe amene ankafunsa kuti bambo mukupeza bwanji. Ankangoti, "Palibe," ndipo a Makobidi ankatembenukira kukhoma ngati mwana amene walephera mayeso.

Ine ndinapempha tchuthi kuntchito. Ndinkawapukuta, kuwasintha zofunda, kuwamwetsa madzi. Madzulo ena, ana awo ali m'bafa, anandigwira dzanja.

"Apongozi, tsekani chitseko. Inu mumasunga chinsinsi?"

Funso limeneli ndinali nditalidikira moyo wanga wonse.

"Ndimasunga, bambo."

"Aja akuganiza kuti ndinalimeza powabisira. Ayi. Kale Aroma ena, munthu akamwalira, ankamuika khobidi m'kamwa. Ankati kutsogoloko kuli mtsinje, ndipo wopalasa bwato sawolotsa munthu wopanda cholipira. Ine za bwatozo sindizikhulupirira kwenikweni. Koma khobidi ili ndinaligula chaka chimene ndinakwatira mayi awo, ndipo iwo anandinyanyalira mpaka mvula inagwa. Ndikufuna ndikawasonyeze kuti silinapite pachabe." Anaseka pang'ono, n'kutsokomola. "Ndiye mukuona ngati ana angawa angandiike siliva m'kamwa? Angandizule ndi mano agolide omwe. Choncho ndikamagona masana ndimaliika ndekha pansi pa lilime, mwina imfa ingandipeze m'tulo. Tsiku lija ndinayetsemula."

Ndinalira. Ndinawaona m'maganizo mwanga ataima pagombe la mtsinje wa nkhungu, kutsidya kuli mayi wovala zoyera akuwakodola. Ndinati mumtima, magazi a munthu wachikondi chotere ali mwa mwamuna wanga, enawa ndi mayesero chabe. Ndinalumbira kuti khobidilo lidzabwerera m'kamwa mwawo.

M'mawa mwake ndinalowa m'khitchini opanda nsapato, ndipo Kagalasi sanandimve. Anali ataweramira kapu ya tiyi ya bambo ake, akuthiramo zamadzimadzi kuchokera m'kabotolo kabulauni.

"N'chiyani chimenecho?"

Anadzidzimuka mpaka supuni inagwa.

"Uchi."

Ndinamulanda kabotoloko. Sanali uchi, anali mankhwala otsegula m'mimba aja. Kanali katatsala theka.

"Adokotala anati chiyani iwe?"

"Adokotala amadziwa matumbo, siliva sakumudziwa. Tsiku lililonse limene likukhala mmenemo tsitsi la mfumu likutha. Ukudziwa kuti pakhobidi limeneli tsitsi limawerengeka limodzilimodzi?"

"Bambo ako akulephera kudzutsa mutu."

"Ndiye likatuluka msanga apuma msanga. Ndikuwathandiza." Anandigwira m'chiuno ndi manja amene anali atangochoka nawo m'bafa. "Usakwiye, wanga. Zonsezi ndikuchitira ife."

Ndinataya tiyi uja musinki, kabotolo ndinaika m'thumba la epuloni. Manja akewo ndinawamva m'chiuno mwanga mpaka masana, ngati banga la mafuta limene lakana sopo. Komabe ndinapitiriza kumupekera zifukwa. Ntchito yopeka anthu ndinali katswiri.

Mfumu inatuluka masana a tsiku lomwelo. Ndinamva kuti ngwe! m'sefa, kenako alamu akululutira m'bafa ngati kwabadwa mwana. Anatuluka akukankhana pakhomo, Kagalasi atanyamula sosala, kambale koikapo kapu ya tiyi, ndi manja awiri. Pasosalapo panali kanthu kakuda, konyowa. Anali atangokatsira madzi pang'ono, ndipo m'mizere ya zilembo munali mutatsalira zinthu zimene sindizitchula.

Anapita nako pawindo la pabalaza, n'kuika kagalasi padiso. Mphuno yake inatsala pang'ono kukhudza. Anazunguza sosalayo pang'onopang'ono.

"Lawonongeka?" anafunsa alamu.

"Asisi," anatero monong'ona, "lakongola. Bwerani muone khungu."

"Khungu lanji?"

"Kuda uku. Ife timati khungu. Siliva wakale amavala khungu, ndipo ogula amalipira khungulo kuposa siliva weniweniyo. Lisanalowe linali lotuwa chabe. Taonani tsopano, m'mbalimu muli buluu, patsayapa pali ngati golide. Mimba ya bambo yachita zodabwitsa."

"Ndiye kalitsuke ndi sopo, likununkha."

"Sopo?" Anakuwa mpaka ndinadzidzimuka. "Khobidi silitsukidwa! Ukalikwecha, khungu lachoka, ndipo a okushoni sangaliyang'ane kawiri. Likhala batani. Ili liuma lokha mmene lililimu." Kenako anatembenukira kwa ine, maso akuwala ngati tsiku la jekete lija. "Wanga, ndaganiza. Tisanaligulitse tiliike m'kachikwama kagalasi, ulivale pakhosi tsiku la ukwati. Palibe mkwatibwi m'dziko muno anavalapo chinthu chotere."

Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Tisanaligulitse ndani?" anatero alamu. "Ndani wakuuza kuti ndi lako? Amene wakhala akugwira supuni ndi ndani?"

"Amene amadziwa mtengo wake ndi ndani?"

"Bweretsa kuno, lisungidwa m'sutikesi mwanga."

"Mufe kaye."

Kuchipinda kunamveka mawu ofooka. "Madzi. Ndipatseniko madzi." Palibe anatembenuka.

Anakokerana sosala mpaka khobidi linatsetsereka, onse awiri n'kukuwa. Pamenepo alamu anandiloza ndi chibwano.

"Apatse mlamuwa agwirizire, ife tikambirane ngati anthu. Awa sangathawe nalo, sadziwa n'komwe kuti msika wake uli kuti."

Kagalasi anavomera, poganiza kuti chili m'manja mwanga chili m'manja mwake. Anandipatsa sosala n'kundichenjeza kuti ndisapumirepo. Analowa m'kachipinda ka makobidi, anatseka chitseko, n'kuyamba kutukwanizana kuyambira pa njinga imene anakanganirana ali ana.

Ndinakawamwetsa madzi a Makobidi. Anali atatseka maso, milomo itasweka. Kenako ndinalowa m'khitchini ndi sosala yanga.

Ndinaganiza chonchi: likakhala batani, ana salifunanso, ndipo bambo apita nalo kwa mkazi wawo. Kunena zoona, panalinso china. Ine ndine wochapa. Chinthu chonyansa chikakhala m'manja mwanga, manjawo amayamba okha. Ndinathira ufa wotsukira masinki, ndinatenga waya wokwechera mapoto, n'kuyamba. Madzi akuda anatsikira musinki. Ndinakwecha kutsogolo, ndinakwecha kumbuyo, ndinatokosa m'zilembo ndi foloko. Ndinaliviika m'madzi owira, n'kukwechanso mpaka zala zanga zinafiira. Mfumu inatuluka yoyera mbuu, yonyezimira ngati supuni yatsopano, ndipo kwa nthawi yoyamba m'nyumba imeneyo ndinapuma mpweya wokwanira.

Ndinalowa nalo kuchipinda mwakachetechete, n'kugwada pambali pa bedi.

"Bambo, dzukani. Cholipira bwato chija nachi. Palibe akulandeninso."

Ndinali nditakonzeka kuti alire, andidalitse, mwina anditche mwana wawo weniweni. Anatsegula maso, n'kuyang'ana pachikhatho panga. Anapapasa kagalasi kawo pamutu pa bedi. Munthu amene m'mawa ankalephera kudzutsa mutu anakhala tsonga.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, bambo. Kuti aja..."

"Mfiti iwe!" Uapongozi unathera pomwepo. "Wasenda mfumu! Zaka zonse zija, manja onse amene linadutsamo, wakwecha ngati poto wa nyemba!"

"Koma amayi..."

"Ndikawasonyeze chimenechi? Akandiseke? Mwana wanga! Thamanga udzaone zimene wachita wochapa wako!"

Analowa onse awiri akuthamanga. Kagalasi atangoona, anakhala pabedi. Bambo ndi mwana anagundanitsa mitu pamwamba pa khobidi, aliyense ndi kagalasi kake, akulira ngati pamaliro. "Taonani tsayali, bambo." "Ndaona, mwana wanga. Taona mizere yakandayi." Chidziwireni banjali sindinawaonepo akugwirana manja. Tsiku limenelo anagwirana. Alamu anaima pakhomo akundiwerengera mayina a nyama zonse zimene ankazidziwa.

Kulira kutachepa, Kagalasi anapukuta m'maso ndi golovesi.

"Zokandikazi sizingachoke. Koma khungu likabwerera, lingazibise. Wogula wosachenjera sangaone."

"Khungu limatenga zaka," anatero alamu. "Wanena wekha."

"Mwa bambo silinatenge zaka."

A Makobidi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati mphunzitsi amene mwana wake wayankha bwino.

"Ine sindingabwerezenso," anatero. "Mtima. Pafunika mimba yachinyamata. Mazira owiritsa ambiri, mazira amadetsa siliva."

Onse atatu anatembenukira kwa ine.

Kagalasi anatenga tambula ya madzi imene ndinawamwetsera bambo ake, n'kubwera nayo pamene ndinaima. Anagwada bondo limodzi, ndendende mmene anagwadira tsiku lopempha ukwati. Dzanja lina tambula, dzanja lina khobidi.

"Wanga, ndakukhululukira. Unachita mosadziwa. Koma walakwa ndiwe, ukonze ndiwe. Ndi laling'ono, silipweteka. Ndizikusamalira ndekha, sindichoka pambali pako usana ndi usiku." Anamwetulira. "Ukwati usanafike likhala litatuluka. Ngati umandikonda, tsegula pakamwa."

Anandiyang'ana mosamala, mwachidwi, diso lija lomwe. Koma silinali pankhope panga. Linali pamimba.

Ndinayesa kumupekera chifukwa china. Ndinafufuza m'mutu monse, ngati mmene ndimapisira m'matumba, ndipo munalibe kanthu. Chimene chinabwera chinali cham'mimba. Ndinathamangira kubafa n'kusanza pambali pa sefa yofiira ija, mpaka misozi. Ndinatsuka m'kamwa, ndinasamba m'manja mpaka m'zigongono. Mphete ya chitomero inavuka mosavuta chifukwa cha sopo. Ndinaisiya m'sefamo.

Potuluka ndinamupeza Kagalasi m'khonde, adakali ndi tambula.

"Ukupita kuti? Diresi lili kwa telala!"

"Ukalitenge. Ukasefere."

Ndinanyamula chikwama changa. Kabotolo kabulauni kaja ndinakapereka kwa mayi wa nyumba yoyandikana, namwino wopuma ntchito, n'kumupempha kuti azikawasuzumira a Makobidi, chifukwa ngakhale anditcha mfiti, madzi amafunikabe kumwa. Mayiyo ananunkhiza kabotoloko, n'kuvala nsapato osafunsa zambiri.

Ndikudutsa pansi pa windo la chipinda chija ndinamva mawu a alamu.

"Bweretsa kuno, ndimeza ine."

"Kuti likakhale m'mimba mwanu, mukwere nalo galimoto? Mwauponda. Ndimeza ndine."

"Iwe mimba yako ndi ya mpweya, uliwononga. Siya tambulayo!"

"Mwana wanga," anatero a Makobidi, "kawiritse mazira kaye."